Utsi Wopanda Fungo

Dokotala anatambasula kadzanja ka Kabwana n'kundionetsa. Chikhatho chinali chofiira psuu, khungu likusupuka ngati la mbatata yophika. Kumapazi chimodzimodzi. Mwana wa chaka ndi theka, yemwe tinamutcha Kabwana chifukwa cholamula nyumba yonse ndi chala chimodzi, anangogona chammbali thukuta lili kamukamu, nkhope ataibisa kuopa kuwala kwa pazenera.

"Si malungo, si chikuku," anatero dokotala. "Mkodzo tautumiza kukayezetsa, koma ine izi ndinazionapo. Mwanayu akupuma mekyule."

"Akupuma chiyani?"

"Mekyule. Madzi olemera aja onyezimira ngati siliva, amene okumba migodi amagwirira golide mumchenga. Akatenthedwa amasanduka mpweya. Taonaninso manja a mayi akewo."

Ndinayang'ana mng'ono wanga. Anali pampando wachitsulo pafupi ndi bedi, kapu ili m'manja, madzi akugwedezeka okha m'kapumo. Kunjenjemerako ndinali nditakuona kale, koma ndinkati ndi nkhawa ya mwana.

Ndine wapolisi. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuona zoipa za anthu ena osagwetsa msozi, koma uyu anali mwana wa mng'ono wanga, amene ndinamunyamula asanadulidwe ndi mchombo womwe. Mtima unandipsa mpaka makutu anatentha.

"Mankhwala ochotsa poizoniyu afika mawa," dokotala anapitiriza. "Lachisanu ndimutulutsa, bedili ena akulidikira. Koma mukamubwezera komwe akupumira zimenezi, musadzabwere naye kudzandifunsa kuti ndimutani. Lero ndi Lachitatu. Pezani komwe mpweyawu ukuchokera, ndipo mumupezere nyumba yabwino."

"Apita kwanga," ndinatero. "Kwanga kulibe golide. Kuli nsapato za boma ndi ketulo basi."

Dokotala atangochoka, mng'ono wanga anandikoka malaya.

"Ndi a Magalasi aja, asisi. Osula mphete aja. Khoma lathu ndi limodzi. Akayamba kusungunula golide wawoyo, utsi wachikasu umatuluka papaipi n'kulowa pazenera langa. Kununkha kwake mungathawe. Ndakhala ndikudandaula."

"Bwanji sunandiuze?"

"Mumakhala otanganidwa. Komanso ndi akuba amene aja. Taonani mphete yaukwati imene anatigulitsa."

Anaivula movutikira, zala zikukana kumvera, n'kundiikira m'manja. Mphete imene ndinaiona ndi maso anga ili yachikasu tsiku la ukwati wake inali itayera mbee ngati waya wa kumpanda.

Ndinaikulunga m'kapepala, n'kuyang'ana ngati unyolo uli m'chiuno. Unalimo.

*

Shopu ya a Magalasi ndi kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, pakati pa telala ndi wokonza mafoni. Kuseri kwake kuli mzere wa zipinda za lendi, ndipo cha mng'ono wanga ndi chimene chinagundana ndi khoma lawo. Padenga panali paipi yadzimbiri, kutalika kwake kosaposa mkono wanga. Nditaiona paipiyo magazi anawira.

Ndinawapeza ataweramira patebulo, mphuno itatsala pang'ono kugunda ndolo imene ankakonza. Moni sindinapereke. Ndinawagwira mkono, unyolo n'kulira, n'kuwakokera pakhomo.

"Mayi, ndalakwanji?"

"Mukafunse mwana amene mwamupatsa poizoni! Ali kuchipatala, khungu likusupuka!"

Ndinalankhula mokuwa, pakhomo penipeni, ndipo kumeneko kunali kupusa kwanga. Telala anasiya makina, ogulitsa m'mbali mwa msewu anaimirira, ndipo ndisanaphethire n'komwe anthu anali atadzaza. Wina anakuwa kuti mfiti ya golide. Mwala woyamba unagunda chitseko, wachiwiri unaswa zenera. Ndinakankhira madalawo mkati, n'kutseka, n'kutsamira chitsekocho ndi msana.

A Magalasi anayang'ana magalasi osweka pansi, kenako ine. Sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa.

"Mwana wake ndi uti?"

"Wa kuseri kwa khoma lanuli. Ndipo mayi ake munawagulitsa mphete yabodza."

"Ndipatseni mpheteyo ndiione. Mukandipeza wabodza, kanditsekereni mpaka ndikafere komweko."

Ndinafunyulula kapepalako. Atangoiona anabweza manja.

"Musaiike patebulo langa! Isiyeni papepala pomwepo."

Anaigwira ndi kopanira, manja ali mu unyolo chomwecho, n'kutenga tupa kakang'ono. Anakwecha kawiri, katatu, n'kundiyandikizira. Pokwechedwapo panali pachikasu.

"Mphete yabodza, mayi, imakhala yachikasu kunja, mkati chitsulo choyera. Ikasupuka ndiye imayera. Iyi kunja yoyera, mkati golide. Ndi wakuba wanji angabise golide pansi pa chitsulo? Ameneyo banja lake lingagone ndi njala."

"Nanga yayera bwanji?"

"Yamwa mekyule. Golide ndi mekyule zikangokhudzana, zagwirana basi. Ndipo taonani kumene yayera kwambiri. Si pamwamba ayi, ndi mbali ya kuchikhatho. Dzanja limene linavala mpheteyi linkafinya chinthu."

"Musandizunguze mutu, bambo. Utsi wanu anthu amauona. Wachikasu, wonunkha."

Anatsokomola kaye, chifuwa chakale cholira ngati chitseko chosadzozedwa mafuta.

"Umenewo ndi wa asidi. Ndimatsukira golide wakale, kuchotsa mkuwa ndi zina zosakanikirana, kamodzi pamwezi. Ndi woipa, sindikukana, ndi umene unandipatsa chifuwachi. Paipi yanga ndi yaifupi, pamenepo ndimangeni, sindiyankha. Koma asidi amaotcha m'mphuno ndi m'mapapo, munthu amatsokomola n'kuthawa. Sanjenjemeretsa manja, sasupula khungu la mwana. Golide woyera payekha, mayi, ndamusungunula zaka makumi atatu. Amangosungunuka n'kukhala phee m'kambiya. Choopsa ndi chimene golideyo wabwera nacho. Ndiye mekyule alibe fungo, alibe mtundu. Mukhoza kukhala m'chipinda chodzaza ndi mpweya wake mukuimba nyimbo za kutchalitchi."

"Ndidziwa bwanji kuti inuyo simuotcha mekyule muno?"

Analoza ndi chibwano thireyi ya mphete ndi ndolo za makasitomala. Zonse zinali zachikasu.

"Dontho limodzi litagwera apa, ntchito yanga yonse yatha. Komanso mkulu wanga ankaotcha zimenezo kumigodi. Anafa akulephera kufikitsa supuni pakamwa, ndinkamudyetsa ndine. Okumba akabwera ndi timibulu tawo ta golide wogwirana ndi mekyule, tosaotcha, ndimawabweza ali pakhomo."

Ndinamasula unyolo.

"Muli ndi tochi pafoni yanu?" anafunsa akusisita mikono. "Mukalowe m'chipindamo, mutseke chitseko, muigoneke tochiyo pansi penipeni kuti iunike chammbali. Mukaona timaso tikukuyang'anani m'ming'alu, musatigwire, musatisese. Ndipo mudziwe kuti mekyule salowa m'nyumba n'kutuluka tsiku lomwelo. Amamatira m'makoma, m'matiresi, m'zovala, n'kumatuluka pang'onopang'ono miyezi ndi miyezi. Kukatentha ndiye amatuluka kwambiri."

Nditagwira chitseko anawonjezera kuti, "Mukapeza zoona, mudzawauze anthu ali panjawo. Mokweza ngati mmene munayambira muja."

*

Alandilodi ndinawapeza akuyanika zovala pabwalo la kuseri. Ndi mayi amene pakamwa pake sipazizira, ndipo ndisanafunse kanthu anali atayamba kale.

"Ine apolisi sindilowerera za eni. Munthu akalowa m'chipinda chake, watseka, zake zimenezo. Ine maso anga amakhala pa ntchito yanga. Koma poti mwafunsa, mng'ono wanuyo wasintha. Kale anali munthu woseka, pano ukangoti wadzuka bwanji, akufuna kukuluma."

"Wasintha liti?"

"Chithyokere mwendo mwamuna wake uja. Miyezi iwiri tsopano. Paja anagwa pa lole, ali kwa mayi ake akumusamalira. Ndiye kumabwera mnzake woyendetsa naye lole, Lolemba lililonse, osalowa m'nyumba, kungopereka kaphukusi pakhomo, wapita. Ine sindiyang'ana, koma kaphukusi kake n'kakang'ono chonchi, koma munthu kulandira ndi manja awiri. Ndiye chimenecho n'chiyani?"

"Pitirizani."

"Ikangokwana naini koloko, wina aliyense wapita kuntchito, iye zenera gwa, bulangete pazenera, nsanza pansi pa chitseko. Dzuwa likuswa mtengo, mayi! Mbaula walowetsa mkati. Ine ndinati mwina akuphika nyama akuopa kugawira anzake, koma fungo la ndiwo osamveka. Mwana kulira mkatimo, kulira, kulira."

"Inu n'kungokhala?"

"Ndikhale bwanji? Siling'i yanga ndinapentetsa chaka chatha chomwechi! Ndinagogoda, ndinamuuza kuti makala m'nyumba mwanga ayi, ukapitiriza ulongedze. Pakhala masabata atatu. Chiyambire tsiku limenelo sanatsekenso zenera. Pano amangonyamuka m'mawa, mwana kumsana, chikwama m'manja, mbaula m'thumba la saka, ati akukasamalira mwamuna. Kubwera cha m'ma thuu. Mbaula kupita nayo kwa apongozi, ngati kumeneko kulibe moto! Koma ine sindilowerera za eni."

Siling'i. Mwana akulira m'chipinda chotseka, iwo n'kumadandaula za siling'i. Ndinaluma mlomo n'kupempha kiyi wapadera.

Chipindacho ndinkachidziwa: bedi, kabati ya mbale, beseni la Kabwana, nsapato zake zing'onozing'ono pansi pa mpando. Pamwamba pa zenera panali misomali itatu yatsopano yokolekapo bulangete. Kuseri kwa kabati ndinapeza supuni yaikulu yachitsulo yakuda bii, chogwirira atachikulunga nsanza, ndi kansalu koyera kopotoka ngati kamene afinyira madzi, kali ndi timadontho totuwa.

Ndinatseka chitseko, n'kugwada, n'kugoneka foni pansi.

Simentiyo inali yong'aluka kuchokera pakona mpaka pansi pa bedi. Mumng'alu monsemo munali timibulu tating'ono ngati mitu ya mapini, tili waliwali. Tambiri tinali pomwe pamayalidwa mphasa ya mwana.

Ndinatuluka mothamanga, n'kukhoma, kiyi n'kuika m'thumba mwanga.

"Chipindachi asalowemo munthu. Osasesa, osakolopa."

"Nanga lendi yanga…"

Ndinangowayang'ana, iwo n'kumeza mawu otsalawo.

Ndinazungulira kumsewu. Anthu anali asanabalalike onse. Ndinaima pakhomo pa shopu n'kunena mokweza kuti bambowa alibe mlandu wa mwana, ndinalakwitsa ndine, ndipo amene aponyenso mwala agona m'chitolokosi lero lomwe. Manyazi anandigwira ngati ndavula pamsika. A Magalasi anali akusesa magalasi osweka, sanadzutse mutu n'komwe.

*

Mlamu wanga ndinamupeza pakhonde la mayi ake, mwendo uli m'chikhakha atausanjika pa ndowa yovundikira, wailesi ili pamimba. Ndi munthu wa nthabwala, ndipo tsiku lililonse ndimaseka naye. Tsiku limenelo ayi.

"Alamu! Boma lafika! Mwabwera kudzandimanga? Kuthawa ndiye sindingathe, mwandipeza bwino."

Ndinazimitsa wailesi yake n'kumuponyera supuni ija pamiyendo. Kuseka kunathera panjira.

"Mwana wako ali kuchipatala, akupuma mekyule. Timibulu tili mbwee pansi pa bedi lanu. Yamba kulankhula."

"Mekyule? Ayi alamu, mkazi wanga anandiuza kuti ndi zidzolo chabe."

"Lankhula!"

Anayang'ana kukhomo ngati mayi ake akumva, n'kutsitsa mawu.

"Tikamadutsa kumigodi ndi lole, anyamata okumba amatigulitsa timibulu. Golide wogwirana ndi mekyule, tofewa ngati phala louma. Ukafinya pansalu mekyule wina amatuluka, wotsalayo umaotcha pasupuni, umatsala ndi golide. Wogula amapereka bwino ukamupatsa wootcha kale. Madalaivala ambiri amatero, si ine ndekha. Koma m'nyumba sindinaotchepo, ndikulumbira. Ndinkaima patchire, pambali pa msewu."

"Ndiye m'nyumba mwako waotchamo ndani?"

"Ine miyezi iwiri ndili pano. Funsani amayi, funsani adokotala amene anandimanga mwendowu. Kupita kuchimbudzi komwe amachita kundigwirira."

Zimenezo ndinazikhulupirira. Chikhakhacho chinali chakuda ndi litsiro la masabata ambiri, ndipo ndodo zake zinali zisanaperepeseke kunsi.

"Mnzako amasiya chiyani Lolemba lililonse?"

Anayamba kutembenuzatembenuza supuni ija.

"Ndikufunsa!"

"Timibulu. Ndinati azimupatsa mkazi wanga asunge mpaka nditachira. Asunge basi, alamu. Koma pakhomo pamafunika kudya, ine ndagona pano. Iye anandionapo kamodzi ndikuotcha, tili paulendo. Mwina…"

"Unamuuza chiyani?"

"Ndinati asauze munthu, asaone munthu. Anthu akadziwa kuti m'nyumba muli golide, akuba amabwera ndi zikwanje. Ndinati ngakhale asisi ako usawauze, poti ndi apolisi."

"Za akuba unamuuza. Za ine unamuuza. Unamuuza kuti utsi wake ndi poizoni?"

Anandiyang'ana modabwa, ndipo kudabwa kwakeko kunali koona. N'kumene kunandikwiyitsa kuposa bodza.

"Utsi wake uti, alamu? Palibe utsi. Umangoona kambulu kakusintha mtundu, kuchoka kotuwa kukhala kachikasu. Sikanunkha n'komwe."

Ndinagwira mzati wa khonde kuti dzanja langa lisapite komwe linkafuna kupita. Munthu wamkulu, wodutsa malire a mayiko ndi lole, wodziwa mtengo wa golide tsiku ndi tsiku, koma osadziwa chimene akupumira. Anaphunzitsa mkazi wake kubisa, ndipo iye anabisadi bwino, ndi bulangete ndi nsanza, mwana ali kumsana.

"Masabata atatu amenewa wakhala akuotchera pano?"

"Pano? Ayi."

"Amabwera m'mawa uliwonse kudzakusamalira, atanyamula mbaula."

"Ndani? Mkazi wanga amabwera Lamlungu lokha, tikaweruka kutchalitchi. Mbaula sanabwere nayopo. Amayi! Tabwerani muwauze alamuwa!"

Mayi ake anatulukira akupukuta manja, n'kuvomereza: Lamlungu lokha.

Ndiye panali nyumba yachiwiri. Penapake panali chipinda china chotseka mazenera, chimene Kabwana ankapumiramo kuyambira naini mpaka thuu, ndipo mwina munkagona ana a eni ake osadziwa kanthu.

*

Ndinabwerera kuchipatala dzuwa litapendeka. Kabwana anali atagona, kadzanja kali pa diripi. Mng'ono wanga atandiona anaimirira.

"Mwawamanga?"

"Tiye panja."

Ndinapita naye kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mpopi, pomwe panalibe anthu. Ndinatulutsa supuni ndi kansalu kaja, ndili nditazikulunga mu jumbo. Anaziyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine.

"Munalowa m'nyumba mwanga?"

"Ndinamanga munthu wosalakwa lero chifukwa cha iwe. Anthu amuswera zenera, akanamupha. Mphete yako ndi golide weniweni. Yayera chifukwa unkafinya mekyule ndi dzanja limenelo."

"Sizikugwirizana zimenezo, asisi. Zanga sizitulutsa utsi. Utsi ndi wa a Magalasi, aliyense amauona, aliyense amaumva kununkha. Zanga n'zoyera, ndimangotenthetsa pang'ono basi."

"Zakozo ndi zimene zasupula mwana."

"Bodza!"

"Dokotala ananena iwe uli pomwepo kuti mekyule akatenthedwa amasanduka mpweya. Unamva. Unakhala chete n'kundilozera nkhalamba."

"Ndinkati nawonso amaotcha! Ndinkati wawo ndi wambiri, wanga ndi supuni imodzi!" Anakuwa mpaka mayi wina amene ankatunga madzi anatembenuka. "Inu mumalandira kumapeto kwa mwezi uliwonse, asisi. Mwamuna wanga wagona miyezi iwiri. Mumafuna mwanayo adye chiyani? Ndikanakuuzani mukanandimanga!"

"Ndikanakumanga, mwana akanakhala ndi khungu lake!"

Anakhala pansi pasimenti. Ndinkafuna kumumenya, ndinkafunanso kumudzutsa n'kumukumbatira ngati kale tili ana, ndipo zonse ziwiri zinkandipweteka mofanana. Sindinachite chilichonse mwa izo. Ndinagwada pamaso pake.

"Ankakhala kuti mwana ukamaotcha?"

"Kumsana. Ndinkaopa kuti angagwire mbaula." Mawu anali atachepa. "Ndinkasamala, asisi. Sanapsepo ngakhale chala."

"Tamvera. Chipinda chako ndakhoma, simulowanso munthu. Matiresi, zovala, mphasa, zonse zatha ntchito. Mekyule amamatira m'nyumba miyezi yambiri. Koma alandilodi atakuopseza unayamba kupita kwina, ndipo si kwa apongozi ako, ndachokera komweko. Nyumba imeneyonso ili ndi poizoni, ndipo eni ake sakudziwa. Ndiuze ndi ya ndani, ndikawatulutse lero lomwe."

Anayamba kufukula m'chikwama chake, zala zikuphonyaphonya, mpaka anatulutsa kiyi womangidwa pa kachingwe kofiira.

Kachingweko ndinamanga ndine, chaka chimene ndinagonekedwa m'chipatala, pomupatsa kiyi wa nyumba yanga kuti azikandithirira maluwa. Ndinali nditaiwala kuti sanabweze.

"Mumachoka seveni koloko, mumabwera madzulo," anatero osandiyang'ana. "Ndinati kunyumba kwa wapolisi palibe angakayikire. Ndinkasesa bwinobwino ndikamaliza, ndi tsache lanu lomwe. Simunaone n'komwe."

Ndinayang'anitsitsa kiyiyo.

"Kangati?"

"Sindinawerenge. Masiku ambiri."

"M'chipinda chiti?"

"Kukhitchini kwanu zenera silitsekeka bwino, anthu akanaona. Ndiye ndinkalowa kuchipinda chogona. Akatopa kumsana ndinkamugoneka pabedi panu."

Nyumba yanga ndi zipinda ziwiri. M'mawa womwewo, ndisanabwere kuchipatala, ndinali nditayala kale bulangete latsopano pabedi limenelo, mbali ya kukhoma, kuti Kabwana akadzatuluka n'kubwera kudzagona kwanga asadzagwe.

Ndinaimirira. Mkwiyo umene ndinayenda nawo tsiku lonse unali utapeza mwini wake, koma mwini wakeyo anali pansi akulira ndi manja osatha kupukuta misozi yake yomwe, ndipo ndinasowa poutula. Ndinamulanda kiyiyo, n'kumuuza kuti avule nsalu imene ankaberekera mwana aiike mu jumbo, ndipo asamukhudze mpaka atasamba n'kuvala za kuchipatala. Anamvera ngati kamwana.

Titalowa m'wodi, namwino anatipeza pafupi ndi bedi, fomu ili pa kabolodi, cholembera chili m'manja.

"Ndinu aja munati mwanayu apita kwanu Lachisanu? Adokotala akufuna tilembe komwe akakhale, kuti a zaumoyo akaone nyumbayo asanatuluke. Mumakhala kuti, mayi?"

Kabwana anali atadzuka. Anandiona, n'kukweza kadzanja kosupuka kaja kuti ndimunyamule.

"Mayi? Ndilembe kuti?"

"Musalembe," ndinatero. "Kwanga sangapite."

"Nanga apita kuti?"

Ndinamunyamula mwanayo mosamala kuti diripi isazuke. Anali wopepuka kuposa sabata yatha, ndipo anatsamiritsa mutu wonyowa paphewa langa, pa yunifolomu imene inagona usiku wonse itakolekedwa m'chipinda chomwecho. Ndinamubwezera pabedi msangamsanga, iye n'kuyamba kulira.